Chete wa Achemwali

Anzake ankamutcha Wailesi chifukwa nkhani sinkagona m'kamwa mwake. Tsiku lina ataweruka kusukulu, anapeza achemwali ake, omwe anali telala, atakhala m'chipinda chosokera, maso ali chitsinzire, manja pamiyendo. Makina anali zii. Anawaitana, koma sanayankhe. Ngakhale milomo sinkagwedera.

Wailesi anaopa. Kutchalitchi kwawo pemphero linkamveka mpaka kumsewu, anthu akufuula ndi kuwomba m'manja. Zongokhala duu ngati chitsa anali asanazionepo. Madzulo ananong'oneza mnzake wa m'kwaya.

"Usauze munthu. Achemwali ayamba zachilendo. Amachita ngati achoka m'thupi."

Pofika Lamulungu nkhani inali itamera nyanga. Makolo anakatulutsa ana awo m'kalasi la Sande sukulu limene achemwaliwo ankaphunzitsa. Mayi wina anadzalanda nsalu yake isanasokedwe, osapereka ndi moni womwe. Kenako abusa anafika pakhomo ndi akulu ampingo, botolo la mafuta odzozera lili m'manja. Wailesi anaima pachitseko.

"Mwana wanga," anatero abusa, "tamva kuti ukumalankhula ndi mizimu."

Achemwali anagwetsa sizasi. "Ine, abusa?"

"Akuti umakhala ngati wakufa."

Achemwali anawayang'ana onse mmodzimmodzi, kukamwa kuli yasa. Kenako anayankha.

"Chimwalirireni khanda langa, ndikati ndipemphere mawu amakanirira pakhosi. Ndiye ndimawerenga vesi limodzi, n'kukhala chete pamaso pa Mulungu. Maganizo akasochera, ndimabwerera ku vesilo. Ndi nthawi yokhayo imene mtima wanga umakhala pansi."

Abusa anabweza botolo m'thumba pang'onopang'ono.

"Takulakwira kwambiri. Waiyambitsa nkhaniyi ndani?"

"Zisiyeni, abusa," anatero achemwali, osacheukira kuchitseko.

Lamulungu lotsatira abusa anaikonza nkhaniyo paguwa, ndipo anapempha mpingo wonse kuti ukhale chete kwa kanthawi usanayambe kuimba. Komabe ana ena sanabwererenso m'kalasi muja, ndipo makasitomala angapo anapitiratu.

Atabwerako kutchalitchi, Wailesi analowa m'chipinda chosokera misozi ili chuchuchu.

"Achemwali, ndinaopa. Sindinadziwe kuti mukupemphera."

"Pamaliro paja unalipo, mng'ono wanga. Timagona nyumba imodzi. Chinakuvuta n'chiyani kundifunsa ineyo?"

Wailesi anazyolika. Achemwali anamupatsa diresi ndi singano kuti asokerere mabatani, n'kumusunthira malo pabenchi.