Maliro Opanda Mtembo ku Evington

Nkhaniyi si yopeka ayi. Mayi Anganile, aja amasamalira okalamba ku Leicester kuno, anaziona ndi maso awo. Hajra, mayi wachimwenye woyandikana nawo khoma ku Evington, nayenso adakalipo, mutha kukamufunsa.

Tionge anali mwana wa ku Balaka, wokulira pa mishoni ya ansembe a ku Italy. Chitaliyana ankachilankhula ngati anayamwira, mpaka anakachita nacho digiri ya udokotala ku Italy komweko. Mu 2018 anapata feloshipu, ija yunivesite imaitana akatswiri ongoyamba kumene kuti adzafufuze miyezi yochepa, ndipo anafikira kwa Mayi Anganile. Pamapeto pake ankayenera kukamba za kafukufuku wake pamaso pa mapulofesa. Akawasangalatsa, ntchito. Akalephera, viza yatha, ulendo wa kumudzi.

Tsono kafukufuku wakeyo, abale! Nyimbo zolirira maliro za amayi a kumwera kwa Italy. Mmodzi amatsogolera, ena n'kumavomera, ndipo pakati pamakhala potchula dzina la womwalirayo. Tionge, mwana wa liuma, anati sangangowerenga mawu papepala, adzaimba ndithu. Anayamba kuyeserera pabalaza masana, Mayi Anganile ali ku shifiti. Potchula dzina paja ankangokhala chete, poti analibe womulira.

Madzulo ena, kamdima kofulumira ka mu Disembala kaja katagwa, paipi yotenthetsa nyumba imene inkangoti gogogo inaleka. Kunamveka fungo la kandulo yozimitsidwa kumene. Tionge ataimba mzere umodzi, wina anavomera. Chapansipansi, kukhitchini. Anakasuzumira. Munalibe munthu.

M'mawa mwake Hajra anagogoda atanyamula poto wa mpunga.

"Pepani ndi zovutazi," anatero m'Chingelezi. "Watisiya ndani?"

"Palibe," anayankha Mayi Anganile.

"Nanga amayi onse aja ankalira dzulo?"

Mayi Anganile anatseka chitseko n'kutembenukira Tionge.

"Iwe mwana, sukulu yakuzunguza mutu? Maliro salira popanda mtembo. Ukuitana malodza m'nyumba mwanga muno!"

"Anti, ndi risechi chabe. Ndikapanda kuimba sandipatsa jobu."

"Jobuyo imaposa moyo?"

Mantha anali nawo Tionge, tisaname. Koma kubwerera chimanjamanja atavutika zaka zonsezi, zimenezo ndiye anakana. M'nyumba anasiyadi kuimba, koma tsiku lokamba litafika anakaimirira ndithu.

Chipindacho chinali chaching'ono, azungu ochepa ndi makapu awo a khofi. Anaimba. Mawu anatuluka okoma moti pulofesa wina wa ku Napoli anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Tionge atafika potchula dzina, anakhala chete.

Fungo lija.

Kumbuyo, ku mipando yopanda anthu, mawu a nkhalamba anaitana mokoka: "Tiooonge."

Mwana woleredwa bwino sakhala duu wamkulu akamuitana. Pakamwa panangotseguka pokha.

"Wawa."

Azungu anaomba m'manja. Sanamve kanthu. Mkulu wa dipatimenti anamunong'oneza kuti ntchito ndi yake.

Tionge atatsika basi anapeza Mayi Anganile ndi Hajra ataima pageti, kamvula kakuwawaza. M'nyumba munali mdima, koma munali chiliro. Amayi ambiri. Zifuwa zikugugudwa, di, di, di.

Tionge anawafotokozera zonse za kuyunivesite zija.

"Unayankha?" ananong'ona Mayi Anganile. "Mayo ine, unayankhiranji?"

"Ndi alendo anga, Anti. Ndikawapepese azipita."

Mayi Anganile anamugwira juzi, koma iye anapulumuka n'kulowa. Chitseko chitangotsekeka, kunati zii.

Amayi awiriwo sanachedwe kumutsatira. Anangolimbitsana mtima pang'ono, n'kulowa onse awiri atagwirana manja. Atayatsa magetsi anapeza mipando yonse itakankhidwira kukhoma, monga timachitira pamaliro. Tionge anali gone pakati, chagada, manja pachifuwa. Atazizira kale.

Madokotala anati ndi mtima. Chabwino, mtima. Koma Mayi Anganile akonzapo mitembo yambiri kuntchito kwawo, ndipo amadziwa kuti si ntchito ya kanthawi kochepa. Mtsikanayo anali atasambitsidwa. Tsitsi lonyowa, lopesedwa bwinobwino. Chibwano chomangidwa ndi kansalu koyera kamene m'nyumbamo sikanaonekepo chiyambire.

Mayi wa ambulansi anafunsa kuti wamukonza ndani. Mayi Anganile ndi Hajra anangoyang'anana.