Zenera Lachiwiri

"Chotsa chigongono chako apa, iwe!" anatero Injiniya, akukankha msuweni wake ndi phewa.

Kompyuta inali imodzi, mipando iwiri, koma chidani chake chokwana kalasi yonse. Dzina loti Injiniya anadzipatsa yekha, ndipo ankalilemba pamwamba pa ntchito yake iliyonse ndi zilembo zikuluzikulu. Msuweni wakeyo anzake ankamutcha Duu, poti pakamwa pake sipankatuluka mawu wambawamba. Chibwerereni mtsikanayu kudzakhala kwawo, Injiniya analibenso mtendere. Tsiku ndi tsiku bambo ake ankangoti, "Taona mnzako mmene akukhozera." Mawu amenewa ankamutentha mumtima ngati khala lamoto.

Tsono aphunzitsi a kalabu ya makompyuta analengeza kuti wophunzira mmodzi yekha ndiye adzapite ku mpikisano. Aliyense ankalemba ntchito yake m'bokosi la pa tsamba la kalabu, ndipo Lachisanu masana aphunzitsi adzawerenga n'kusankha. Poti makompyuta anali ochepa, asuweni awiriwa anawapatsa imodzi, aliyense ndi zenera lake mu bulawuza, pulogalamu ija yotsegulira masamba a pa intaneti.

Sabata imeneyo ankaphunzira kulamula bulawuza osagwira mausi, pongolemba malamulo otchedwa sikiripiti.

"Simungangoti dina batani," anatero aphunzitsi. "Batani lake liti? Muziyamba ndi bulawuza. Mu bulawuza muli mazenera, m'zenera muli matabu, mu tabu muli tsamba, pa tsamba ndiye pali bokosi ndi mabatani. Muzitsika bwinobwino ngati pa masitepe."

Injiniya anagwira msanga, mutu anali nawo mwanayo. Kungoti dzina la zenera ankaona ngati n'kutaya nthawi kulilemba, ndiye ankangoika nambala.

"Msuweni," Duu ananong'ona, "manambalawo amasintha. Bwanji osalemba dzina?"

"Ndakufunsa? Wayamba liti kuphunzitsa anthu iwe? Kwanu munali ndi kompyuta?"

Duu anangowerama. Anyamata a kumbuyo anaseka, Injiniya n'kumva kukoma.

Koma Lachinayi atasuzumira ntchito ya Duu, kukoma konse kunatha. Inali yaudongo, yaifupi, ndipo inkayenda popanda kugwiragwira. Yake inali yabwino, inde, koma yosafika apo. Nsanje inamugwira.

Analemba kasikiripiti kamizere isanu yokha: pita ku bulawuza, zenera lachiwiri, tabu yoyamba, fufuta zonse za m'bokosi, dina batani losunga. Anawerenga mazenera. Lake linali pamwamba, loyamba. La Duu linali kumbuyo, lachiwiri. Basi, zatheka.

Lachisanu pa nthawi yopuma, Duu anakhala kaye pang'ono, n'kutsegula zenera lake kuti aonenso ntchito yake komaliza. Kenako anatuluka. Injiniya, yemwe ankazembera pakhonde, analowa mothamanga, osayang'ana n'komwe bulawuza, n'kuyendetsa kasikiripiti kaja. Kuphethira kamodzi, katha ntchito. Anatuluka akuimba mluzu.

Masana aphunzitsi analumikiza kompyutayo ku pulojekita kuti onse aone pakhoma. Anatsegula zenera la Duu. Ntchito yonse inali mbwee, osasowa ngakhale kadontho. Injiniya anatong'ola maso.

"Tiyeni tione ya Injiniya," anatero aphunzitsi.

Bokosi linali mbee! Ntchito ya masabata atatu, yonse kulibe.

"Ndi uyu!" anakuwa Injiniya, chala chili pamphuno pa Duu. "Wandifufutira! Njoka imeneyi timadya nayo mbale imodzi kunyumba!"

"Ine sindinakhudze zenera lako," anatero Duu.

"Bodza! Aphunzitsi, mumuchotse mu kalabu muno!"

"Khala pansi," anatero aphunzitsi. "Wochita zimenezi achokadi, usadere nkhawa."

Anatsegula mndandanda wa masikiripiti amene anayendetsedwa tsikulo. Komaliza kanali kamizere isanu. Kanaonekera pakhoma, ndipo pamwamba pake, mwa chizolowezi chija, panali zilembo zikuluzikulu: WOLEMBA NDI INJINIYA.

Kenako wina kumbuyo anati, "Eee, koma abale!"

"Zenera lachiwiri," anawerenga aphunzitsi pang'onopang'ono. "Kompyuta imawerenga mazenera kuyambira limene lili pamwamba. Amene walikhudza komaliza, lake ndiye loyamba. Wakhala pano komaliza ndani?"

"Ndine," anayankha Duu.

"Ndiye lachiwiri linali la yani?"

Yankho linali pakhoma. Manyazi anamugwira Injiniya, makutu n'kumatentha, ndipo analakalaka pansi patang'ambika alowe.

"Unapempha wekha kuti wochita izi achoke," anatero aphunzitsi. "Tenga chikwama chako. Bambo ako abwere Lolemba."

Poweruka, Duu anamupeza Injiniya atakhala pa sitepe ya pakhomo, mutu uli m'mawondo. Anaima patsogolo pake, maso ali ofiira.

"Ndinakuuza za manambala zija kuti ntchito yako isawonongeke," anatero. "Ukanandimvera, msuweni, bwenzi lero utafufuta yanga."

Anakoleka chikwama paphewa n'kumapita. Injiniya anamutsatira chapatali, ndipo njira yonse mpaka kunyumba, amene anali duu anali iyeyo.