Chidani cha Rashad

Lavell anakulira m'nyumba yodontha kunja kwa mzinda wa Baton Rouge, mayi ake akutsuka mbale m'lesitilanti. Ng'oma anaphunzirira pa zidebe za penti. Ku yunivesite kumene anapita, oimba ng'oma m'bandi ankaphunzira ulere, atsikana n'kumawakuwira akamaguba pabwalo la mpira. Iyeyo njiru inkangomudya.

Tsiku loyesa atsopano, timitengo toimbira ng'oma tinamupulumuka m'manja. Rashad, mtsogoleri wa a ng'oma, anaseka mpaka misozi.

"Iwe nkhanu," anatero, poti atsopano ankawatchula choncho, "manja amenewo ndi okandira ufa. Bwerera kuzidebe zako!"

Masana omwewo Lavell anapita kwa Mayi Ozella, sing'anga wa kuseri kwa msika wa nsomba.

"Ndikufuna manja oposa a Rashad, amayi. Ndikufuna galimoto, ndikufuna dzina."

"Manja savuta, mwanawe. Chizimba chake ndi makutu."

"Mundigonthetsa?"

"Ayi, ng'oma yako uziimva bwinobwino. Koma aliyense wokutamanda ndi wanga. Mawu ake, ng'oma yake, sudzamvanso."

"Anthu amangosokosa kale. Atengeni."

Mayiwo anamupaka mafuta akuda kuseri kwa makutu, akumwetulira ngati munthu wogula mbuzi motchipa.

Atamuyesanso, manja ake anagwa pang'oma ngati mvula pamalata. Anamutenga. Cedric, mnzake wa chipinda chimodzi, anamukumbatira. "Aise, wawaonetsa!" Kuyambira pamenepo Cedric ankangoyasamula pakamwa, mawu osatuluka. Lavell, chitsirucho, anangoseka.

Chuma chinabweradi. Opanga ng'oma ankamulipira kuti aziwatsatsira malonda, anagula galimoto, khosi lili golide yekhayekha. Koma mphunzitsi anamuyamikira, zii. Chibwenzi chake, zii. Anzake a ng'oma mmodzimmodzi, zii. Khamu la pabwalo litafuula dzina lake, bwalo lonse linasanduka manda. Apa mantha anamugwira.

"Amayi, musamabwere kudzaonera," anauza mayi ake.

"Ukuchita nane manyazi, eti?"

Anawasiya akulira, bola mawu awo atsale.

M'bandi monse anatsala ndi munthu mmodzi yemwe mawu ake ankawamvabe: Rashad, amene ankafuula poyambira, pokhotera ndi polekera. Poguba maso amakhala kutsogolo, kucheuka n'kulakwa, ndiye Lavell ankayendera mawu a mdani wakeyo basi. Choncho chidanicho ankachithirira madzi. Ankamulavulira pansapato, kumutukwana pagulu, kumunenera chibwenzi chake. Rashad akamuti galu, Lavell mtima pansi.

Linafika tsiku la mpikisano ndi bandi ya ku Mississippi. Chigawo choyamba Lavell anaimba mpaka adaniwo anatsitsa timitengo. Akukonzekera kulowanso, Rashad anamuyandikira, nkhope ili gwa.

"Ndimadana nawe, nkhanu iwe, ndipo sindidzasiya. Koma chilungamo n'chilungamo, ng'oma umaitha."

"Usanene! Bweza mawu amenewo!"

Rashad anayankha, koma inali milomo yokha.

Analowa pabwalo. Pakati pa nyimbo Rashad anafuula polekera, bandi yonse inaima chilili, n'kukhala chete. Lavell anapitirira yekha, akuguba, akumenya ng'oma, mpaka anakagwera pamabenchi a osewera mpira. Anthu anaseka, ena kumugenda ndi mabotolo. Anamuvula yunifolomu tsiku lomwelo. Sukulu inathera pomwepo, galimoto anadzalanda, ndipo kuseri kwa msika anakapeza chitseko cha Mayi Ozella chokhomedwa ndi matabwa.

Anabwerera kunyumba yodontha ija. Mayi ake, amene anaonera zonse pa TV ya kuntchito, anamugoneka pamiyendo ngati khanda. Mawu awo anali okhawo omutsalira mwa anthu ake onse, ndipo iye analira powamva.

"Asiye aseke, mwanangu," anatero akumusisita mutu. "Kwa ine palibe woimba ng'oma ngati iwe."

Lavell anakuwa, kuwatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Kunali kuchedwa.

Lero mukamupeza pamphambano akumenya zidebe, akufunsa aliyense wodutsa kuti amutukwane. Dyera n'loipa, abale. Chimene sunachikhetsere thukuta chimadzakulipiritsa ndi anthu ako omwe, ndipo ukadzazindikira umakhala utatsala wekha.