Nkhumba ya Khutu Lodulidwa

Mbuzi itadula chingwe n'kulowa m'thengo la kumunsi kwa munda, Mzime anaima pampanda wa waya akuganiza. Kunyumba ankamutcha choncho poti ndiye anali wotsiriza kubadwa. Bambo ake analetsa aliyense kuponda kumeneko kuyambira chaka chimene anasiya kuweta nkhumba. Koma mbuziyo inali ndi bere, choncho anakwawira pansi pa waya.

Dzuwa linali paliwombo, koma m'thengomo munali kamdima. Mbalame sizinkalira. Nthaka inali yofukulidwa paliponse ngati palima anthu oledzera, mizu ili pamtunda, ndipo fungo lowawasa linamukhala pakhosi.

Pafupi ndi khola lakale la nkhumba anapeza chidutswa cha chingwe chili ndi magazi. Mbuzi panalibe. Atawerama kuti achitole, anamva kupuma, osati kwa chinthu chimodzi ayi. Pa ming'alu ya khoma panali timaso tambirimbiri tikumuyang'ana.

Kenako pakhomo la kholalo panatulukira nkhumba yaikazi yakuda, ubweya wapamsana uli njoo. Sinathawe ngati nyama yakutchire. Inangoima n'kumuyang'ana ngati ikumukumbukira. Khutu lake lamanzere linali lodulidwa pawiri. Mzime anachidziwa chizindikirocho, pakuti ali wamng'ono ankaona bambo ake akudula choncho makutu a tiana ta nkhumba. Anabwerera chafutambuyo mpaka waya anamubaya kumsana.

Kunyumba anapeza alendo pakhonde. Panali mayi wamasiye woyandikana nawo munda, atagwira dengu la mbatata zolumidwalumidwa, ndiponso mlenje wina wamtali amene alimi anamuitana.

"Zilombo zimenezo si zanga," bambo ake ankatero. "Zanga ndinagulitsa zonse."

"Sitinabwerere mlandu, bambo," anatero mlenjeyo mofatsa. "Tikungopempha kuti mutilole kulowa. Zikugona kwanu kuno, kudya kwa anzanu. Dzana zinathamangitsa ana ochokera kusukulu."

"Pamalo panga sipalowa mfuti."

Mzime anafika pafupi. Anaika chingwe chija pamapazi pa bambo ake.

"Bambo, mbuzi yapita. Zili m'khola lakale lija. Yaikuluyo ili ndi khutu lamanzere lodulidwa pawiri."

Bamboyo anayang'ana chingwecho, kenako zokanda za waya pamikono ya mwana wake.

"Unafika pafupi nazo?"

"Ngati pano ndi pachitsekopo."

Bamboyo anakhala pansi mwapang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana.

"Chakudya chawo chinandikanika, ogula kunalibe," anatero mawu ali pansi. "Ndinangotsegula chitseko. Ndinkati zikafera konko. Zinali zinayi zokha."

"Mapazi amene ndaona ine ndi a nkhumba zoposa makumi atatu," anayankha mlenjeyo. "Izi zikakhala patchire zimaswana ngati mbewa."

Mayi wamasiye uja anakhuthula mbatata zija pakhondepo, n'kunyamula dengu lake kumapita.

Kusakako kunatenga milungu itatu. Bambo a Mzime ndiwo ankatsogolera, akulambula njira ndi chikwanje komanso kuthandiza kutchera misampha. Madzulo ankabwera manja ali matuza okhaokha. Khola lakale analigumula, mpanda n'kuumanganso.

Zonse zitatha, m'mawa wina anatenga makasu awiri n'kupatsa Mzime limodzi. Anadutsa malire n'kukapeza mayi uja akutola zotsalira m'munda mwake, momwe munalibenso mzere ngakhale umodzi.

"Mayi, ndabwera," anatero bamboyo atavula chipewa. "Munda uno ndaupasula ndine. Ndiupanganso ndine."

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali. Sanawapatse moni. Anangokweza dzanja n'kuwalozera kungodya yakutali kwambiri, kumene nthaka inali yolimba kuposa kwina konse, kuti akayambire kumeneko.