Mkwatibwi wa Kuseri kwa Khola

Tandimasulireni ichi, inu amene munapita kusukulu. Pali mkwatibwi wamtali, wovala diresi lofiira ngati vinyo wakale. Amadzionetsa tsiku limodzi lokha pa chaka, koma omufunsira onse amabwera chouluka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anasambapo. Ndi ndani? Musafulumire kuyankha. Wina anafulumira, ndipo mpaka lero sanapondenso kumapiri kwathu kuno.

Evanthia ndi mwana wa mchimwene wanga. Amagwira ntchito ku positi ofesi mumzinda wa Iraklio, pachilumba chathu chomwechi, koma mtima wake uli pa udzu. Inde, udzu womwewu umene ife timawiritsa ndi kuthira mafuta a maolivi, kapena kuponyera mbuzi. Iye amauika pakati pa nyuzipepala, nkuupanikiza ndi matabwa, nkuulembera dzina ngati mwana wobatizidwa.

Chaka chimenecho anatenga tchuthi cha mwezi wathunthu Pasaka itangodutsa. Potsika basi pabwalo la mudzi, chingwe cha mtolo wake wa nyuzipepala chinaduka, mphepo nkumwaza zonse. Mnyamata wina wa nsapato zoyera mbee anaponda pepala limodzi, nkulitola ndi zala ziwiri.

Anamufunsa ngati ndi kalipentala, poona matabwa aja. Evanthia atamufotokozera, mnyamatayo anagwira pachifuwa.

"Zoona Mulungu sagona. Ine ndine Lambros. Ndinaphunzira za zomera ku Jeremani zaka zinayi, ndazungulira mapiri onse, koma duwa lotsika basi ndaliona lero."

Ine ndinali pomwepo, ndikudikira kunyamula chikwama. Malovu anandiwawa m'kamwa. Koma Evanthia anaseka, nkhope yonse itafiira. Lambros ameneyu anakulira ku Atene. Anali atabwera mwezi wapitawo kudzakonza nyumba ya malemu agogo ake. Anandiyang'ana nkunditchula kuti agogo. Ine agogo! Kuyambira pamenepo ndinamulemba pamtima.

Tsiku la Evanthia linkayamba mame asanaume. Ankanyamula kachitini kotalika kumsana, kakhasu kakang'ono ndi kabuku, nkumakwawa m'minda ya maolivi ngati nkhono. Masana ankabwera maondo ali matope, nkuyala zomera zake patebulo langa lodyera. Chilichonse ankachilembera tsiku, malo, ndiponso ngati chinali padzuwa kapena pamthunzi. Pamwamba pa matabwa ankasanjikapo zigubu zanga ziwiri za mafuta, moti pofuna kukazinga dzira ndinkayenera kupempha chilolezo.

Ndipo madzulo aliwonse ankasintha mapepala onse, limodzi ndi limodzi, chifukwa ukangodumphitsa tsiku zomera zimachita chuku. Nyumba yanga inkanunkha ngati sokosi yonyowa. Tsiku lina ndinapeza mbozi m'kapu yanga ya khofi.

Koma zonsezi ndikanapirira. Chimene chinkandinyansa ndi foni yake. Inkalira tikudya, ndipo mwanayo, posadziwa kubisa, ankandiwerengera.

"Uchi wanga wa kuphiri, wadzuka bwanji? Dzuwa lachita manyazi kutuluka chifukwa cha iwe."

"Kamtima kanga, ndikanakonda kukhala tsamba, undipanikize m'buku lako mpaka muyaya."

Ndinamuuza kuti akafuna, zigubu zilipo, ndimupanikiza ndekha. Evanthia anati ndine wansanje chifukwa malemu amuna anga sanandiuzepo mawu otere. Zoona, sanandiuzepo. Koma ankandibweretsera nkhuni.

Lambros ankamuperekeza kutchire kawirikawiri, ngakhale kuti ankathera pamwala woyamba wouma, kusunga nsapato zake. Evanthia akamuonetsa chomera, iye ankatsinzina diso limodzi nkunena kuti, "Tanena kaye iweyo, ndione ngati ukudziwa." Akatchula dzina, iye nkugwedeza mutu ngati mphunzitsi. Kodi mtsikana wanzeru zake angalephere bwanji kuona zimenezi? Chikondi chikalowa pakhomo, nzeru zimatulukira pazenera la kukhitchini.

Sabata yachitatu, Evanthia anabwera akuthamanga. Kuseri kwa khola lakale la mbuzi, pansi pa mkuyu, anali atapeza chomera chotchedwa drakondia. Ife tonse kuno timaidziwa: tsinde lake ndi la mawangamawanga ngati khungu la njoka, ndipo duwa lake lisanamasule limakhala lokulungika, lalitali ngati mkono. Iye anali ataiona m'mabuku mokha. Tsiku lililonse ankapita kukaiyeza ndi tepi, kudikira kuti imasule.

Lachitatu anapita naye Lambros kukamuonetsa, ine ndikuthyola ndiwo chapafupi. Evanthia anati imasula pofika Lamulungu, kenako anamufunsa ngati adzapirire fungo lake.

"Fungo lake?" anatero Lambros. "Wapamtima, ine ndagonapo pakati pa maluwa amenewa usiku wonse. Palibe fungo limene ndimalikonda kuposa limeneli. Limandikumbutsa iwe."

Ine ndinakhala pansi m'minga. Koma Evanthia misozi inalengeza. Iye anamva kuti munthuyu amakonda chomera chilichonse, ngakhale chimene anthu onse amachithawa. Pomwepo Lambros anamugwira manja onse awiri nkulonjeza: "Tsiku limene lidzamasule, tidzaima pano awiri, ndipo ndidzakufunsa funso limodzi. Sudzabwereranso ku positi ofesi."

Madzulo amenewo anasintha mapepala akuimba, ndipo ndinaona kalata yosiya ntchito ili pakati pa nyuzipepala zake, yolembedwa kale, yongodikira Lolemba. Ndinamuuza kuti munthuyo sadziwa kusiyanitsa anyezi ndi mchira wa bulu. Anandiyankha kuti ndisalowerere.

Lachisanu m'mawa Evanthia anapeza dzenje pamene panali drakondia ija.

Anabwera wopanda kachitini. Atamulembera Lambros, yankho linabwera msanga: "Pepa, nyenyezi yanga, ndi mbuzi zimenezo. Usalire, ndidzakupezera ena zana. Lamulungu ndili ku Haniya pa ntchito, koma mtima ndausiya kwa iwe."

Ndinapita kukaona ndekha. Mbuzi sidya drakondia ngakhale itafa ndi njala, ndipo sindinaonepo mbuzi yokumba ndi fosholo.

Loweruka ndinatsikira kumudzi wa kumunsi. Mnzanga Stamatia, mkazi wa Pandelis wopanga tchizi, anali atandiitana kuti ndikamuthandize kuphika timikate ta tchizi, chifukwa mwana wawo Argiro ankavekedwa mphete Lamulungu. Za mkamwini ndinkangodziwa kuti ndi wa ku tauni. Tikukanda ufa, Stamatia anayamba kudzitama kuti mkamwiniyo ndi dokotala wa maluwa, wophunzira ku Jeremani. Anati wabweretsa mphatso imene anakaitenga paphompho atadzimanga chingwe m'chiuno, ndipo walamula kuti wina asaione mpaka tsikulo.

Anandilowetsa m'chipinda cha alendo, chija chimene chimatsegulidwa pa ukwati ndi pa maliro pokha. Pakona panali chinthu chachitali chofunditsidwa nsalu yoyera, chili m'chigubu chodula pakamwa. Stamatia atatembenuka, ndinakweza nsaluyo pang'ono. Khungu la njoka.

Ndikanatha kunena pomwepo. Koma ine sindinapite kusukulu, ndingatsutsane bwanji ndi dokotala? Ndinangomulangiza Stamatia kuti maluwa a paphompho amaopa mphepo, atseke mazenera onse ndi chitseko. Timikate tanga tokha ndinati tikagone kukhitchini.

Nditafika kunyumba ndinamuuza Evanthia zonse, osazungulira. Anati ndikunama. Kenako anati mwina ndi Lambros wina. Kenako anatsegula foni, nkuwerenga mauthenga onse aja kuyambira pa woyamba.

"Azakhali, ndiye zonsezi ankalembera ndani?"

"Mwina nonse awiri, mwanawe. Chala chake ndi chimodzi chomwecho."

Analira mpaka mawu anatha. Aka kanali koyamba kuti asasinthe mapepala. Ndinawasintha ine, ndikutukwana chamumtima, chifukwa sindikanalola kuti nsapato zoyera ziwoletsenso ntchito yake ya masabata atatu. M'mawa ndinamuuza kuti avale bwino, atenge tepi ndi kabuku. Duwalo waliyembekezera nthawi yaitali, ndipo silimasula kawiri.

Titafika kwa Pandelis, anthu anali atatuluka m'tchalitchi, adzaza bwalo. Kunkatentha. Lambros anali pakati, tambula ya raki, kachasu wathu wa kuno, m'manja, akufotokoza mmene chingwe chinatsalira pang'ono kuduka, chiwombankhanga chikumuzungulira. Ataona Evanthia, raki inamutsamwa. Koma anadzikoka msanga, nkuuza Argiro kuti uyu ndi wophunzira wake, amamuthandiza kunyamula zida.

Evanthia anandifinya mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

Chapakhomo panali kale kafungo. Wansembe ananunkhiza, nkuyang'ana pansi pa nsapato zake. Pandelis ananong'oneza mkazi wake kuti mwina mphaka wafera kudenga. Mazenera a chipinda cha alendo anali bii, osati ndi makatani ayi, koma ndi ntchentche zobiriwira zija za pa nyama yowola, zikukankhana pagalasi.

Lambros sanaone. Anagwira Argiro dzanja, nkuima pachitseko.

"Argiro, uchi wanga wa kuphiri, duwa ili lilipo limodzi lokha pachilumba chonse. Ndinaika moyo wanga pachiswe chifukwa fungo lake limandikumbutsa iwe. Nonse mukokere mpweya m'kati."

Anatsegula.

Abale anga, ndasambitsapo mitembo, ndatsukapo matumbo a nkhosa m'chilimwe, koma chimene chinatuluka m'chipinda chija chinali ndi manja. Chinali ngati bulu wofa sabata yatha amene wafunditsidwa bulangete. Argiro anagwira pakamwa nkuthamangira kuseri kwa nyumba. Wansembe anadziphimba ndi ndevu zake zomwe. Ntchentche zinalowa pakhomo ngati alendo oitanidwa.

Lambros, nkhope itasanduka yobiriwira, anati fungolo likuchokera ku tchizi. Apo ndiye analakwa kwambiri. Pandelis analowa yekha, mpango pamphuno, nkusolola nsalu ija.

Duwa lija linali litamasula. Lalikulu, lofiira ngati vinyo, losalala, ndi lilime lakuda lotalika pakati. Kunena zoona, ndi lokongola.

Kenako mayi ake a Pandelis, a zaka makumi asanu ndi anayi, anasuzumira atatsamira ndodo.

"Si drakondia iyi? Yomwe imamera kuseri kwa zimbudzi? Mwana iwe, unadzimanga chingwe kuti utsikire kuchimbudzi?"

Anthu anagwa nacho chiseko. Wina anafunsa ngati chiwombankhanga chija sichinali ntchentche. Wina anati ku Jeremani anaphunzira ndi chimfine. Pandelis yekha sankaseka. Anamugwira Lambros pakhosi pa malaya, nkumuweramitsa mpaka mphuno inakhudza duwa, nkumuuza kuti anunkhize bwinobwino, kenako abwerezenso kuti likumukumbutsa ndani.

Apa ndi pamene Evanthia analowa, maso ali otupa, koma osatseka mphuno. Anagwada, nkutambasula tepi, nkuyeza duwalo kuchokera pansi mpaka kunsonga, nkulemba m'kabuku. Argiro anali atabwerera, akupukuta pakamwa. Evanthia anangomupatsa foni, uthenga wa uchi wa kuphiri uli poonekera. Argiro anawerenga, nkutulutsa yake, nkuziika pamodzi. Ngakhale nthawi yotumizira inali imodzi.

"Kamtima kanga, ndikufotokozere," anatero Lambros.

"Ukuuza uti?" anafunsa atsikanawo, pafupifupi pamodzi.

Evanthia ananyamula chigubu chija nkuchikumbatira ngati khanda. Pakhomo anang'amba kalata yosiya ntchito ija, theka nkupukutira tepi, theka nkumupatsa Lambros kuti apukutire nsapato, chifukwa anali atazisanzira.

Timikate tanga tinadyedwa tonse pabwalo, tili bwinobwino. Lambros anatsika yekha kukadikira basi ya masana, ndipo fungo linali litamulowa m'malaya. Omufunsira mkwatibwi aja, ntchentche zija, anamuperekeza mpaka pasiteji, gulu lonse, akumuimbira m'makutu. Dalaivala anamukweza, koma anamukhazika kumbuyo kwenikweni, zenera lili lotsegula.