Chophimba Nyale Chachikasu

Tsiku limene wamagetsi analowa m'kashopu kake, mayi wina wa telala anali atatopa kale ndi amuna. Ntchito yake inali yosoka zophimba nyale, nsalu zokuta pa kafulemu ka waya, ndipo msana sunkamupatsa mtendere.

"Mukufuna cha pabalaza kapena cha kuchipinda?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Cha kuchipinda, achemwali. Ndimagona ndekha, ndiye babu amandithobwa m'maso."

"Tengani chachikasu ichi, kuwala kwake n'kofatsa. Babu wotentha kwambiri ayi, chipsa. Ndipo musachichape, muzingochipukuta ndi kansalu kouma."

"Nanga nambala yanu, kuti ndikaiwala ndizifunsa?"

Telala anaseka, mwatsoka lake. Mkazi wotopa sachedwa kugonja kwa munthu womuseketsa.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. "Nyale yanga, wadya?" Kenako: "Wapamtima, chaka chino sichitha ndisanakukwatire." Chakacho chinatha bwinobwino, china n'kuyamba, lonjezo lili lomwelo. Kalipentala woyandikana naye, munthu wofatsa, anamufunsira mwaulemu, iye n'kukana. Akanavomera bwanji ali ndi wake?

"Kwanuko ndidzafika liti?" ankafunsa.

"Ndikonze kaye, Nyale yanga. Nyumba ya mwamuna wokhala yekha imachititsa manyazi."

Anadikira mpaka kudikirako kunamutopetsa kuposa makina osokera. Komabe ankamukonda, ndipo foni ikalira mtima unkadumpha ngati wa kamtsikana.

Tsiku lina masana wamagetsi anafika ndi kajumbo m'manja.

"Wapamtima, tandikonzere ichi."

Telala anachitulutsa: chinali chophimba chachikasu chija. Nsalu inali itakwinyika, dzimbiri la waya litalemba mizere yofiira, chonsecho chikununkhira sopo wabwino.

"Chachapidwa ichi," anatero. "Si ndinanena kuti madzi ayi?"

"Ndiye ndinawauzatu akunyumba kuti asa..."

Kunja kalipentala ankakhoma misomali.

"Akunyumba," telala anabwereza pang'onopang'ono.

"Ayi, ndimati achemwali anga. Lilime chabe, Nyale yanga."

"Mwakhala nawo zaka zingati, bambo?"

Kuchokera pamene anayamba chibwenzi, anali asanamutchulepo bambo. Wamagetsi anayang'ana pansi, nakanda kumutu.

"Tili ndi ana awiri. Koma zinthu sizikuyenda, ndikulumbira! Amene ndimamukonda ndiwe."

Telala anafuna kulira, koma mphamvu zolirira analibe. Chinamuwawa koposa n'chakuti nthawi yonseyi mkazi mnzake ankagona m'kuwala kumene iye anasankha ndi manja ake, mpaka kumachapa chophimbacho mwachikondi, osadziwa kanthu.

Anatenga sizasi, nadula nsalu yonse, n'kumupatsira wamagetsi waya wokhawokha.

"Nanga osakutanso ina?"

"Pitani nacho chomwecho. Mayiwo akakuoneni nkhope bwinobwino."

Atatero anakhala pa makina ake n'kuyamba kupalasa.