Diresi Yaikulu ya Thokozile

Thokozile anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala m'mudzi wina pafupi ndi Nsaru. Ankakhala ndi bambo ake, a Frackson. Amayi ake anali atamwalira. Pakhomo anali awiriwiri basi.

Thokozile ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kusewera fulaye ndi atsikana anzake.

Fulaye ndi masewera othamanga. Atsikana awiri amaponyerana mpira. Wina amaima pakati, n'kumazinda. Akazinda, amathira mchenga m'botolo. Mpira ukamukhudza, watuluka. Botolo likadzaza, timu yake yawina.

Koma Thokozile anali atakula. Zovala zake zinachepa. Siketi inakana kulowa. Bulauzi inang'ambika m'khwapa. Yunifolomu inalipo, koma inali ya kusukulu basi.

A Frackson ankadziwa kulima mtedza. Ankadziwa kusoka fodya. Ankadziwa kukonza njinga. Koma zovala za atsikana, ayi ndithu. Pamenepo sankadziwapo kanthu.

Tsiku la msika, a Frackson anapalasa njinga kupita ku Nsaru. Anabwerako akumwetulira. Anali ndi jumbo m'manja.

"Thoko, tabwera uone!" anaitana.

M'jumbomo munali diresi. Inali ya buluu. Inali ndi maluwa achikasu. Inali yokongola zedi. Koma kukula kwake, abale inu!

Thokozile analowamo. Manja anasowa. Mapazi anasowa. Munkakwana atsikana awiri, kamwana ka mbuzi n'kupezabe malo.

"Ababa, yandikulira," anatero Thokozile.

"Udzakula nayo, mwana wanga," anayankha a Frackson. "Ndasankha dala yaikulu. Imeneyi ikhalitsa."

Bambo ake anali osangalala kwambiri. Thokozile anawayang'ana. Sanafune kuwakhumudwitsa.

"Zikomo, ababa," anatero.

Masana Thokozile anapita ku bwalo. Atsikana anali atayamba kale fulaye. Jenipher anali mtsogoleri wa timu ina. Queen anali mtsogoleri wa timu inayo.

"Bwera kwathu," anatero Jenipher.

Thokozile anaima pakati. Dzanja lina anagwira diresi. Dzanja lina anagwira botolo. Mpira unabwera. Thokozile anazinda. Koma diresi sinazinde. Phwa!

"Watuluka!" anakuwa Queen.

"Sunandikhudze ine!" anatero Thokozile.

"Wakhudza diresi," anatero Queen. "Diresi ndi ya ndani? Watuluka!"

Tsiku lachiwiri Thokozile anamanga luzi m'chiuno. Mpira unabwera. Thokozile anazinda. Diresi sinazinde. Phwa!

Tsiku lachitatu anayesa kudumpha. Anaponda diresi. Anagwa chafufumimba. Atsikana onse anaseka. Timu ya Jenipher inaluza.

Tsiku lachinayi atsikana anagawana matimu.

"Ife takwana," anatero Queen.

Jenipher anayang'ana pansi. "Ifenso takwana," anatero.

Thokozile anapita pansi pa mtengo wa mango. Anakhala yekha. Anaonerera yekha. Dzuwa litapendeka, anabwerera kwawo yekha.

Tsiku lochapa linali loipa kuposa onse. Diresi inali yolemera. Inkachedwa kuuma. Thokozile analibe china chovala. Ankafunda chitenje. Ankakhala m'nyumba, n'kumasuzumira pa windo.

Ku bwalo kunkamveka phokoso. "Zinda! Zinda!" Kunkamvekanso kuseka.

Thokozile ankayang'ana diresi pa chingwe. Madzi ankadontha. Do. Do. Do. Nkhuku zinkadutsa zili ziwiriziwiri. Nkhuku zomwe zinali ndi anzawo! Thokozile anasungulumwa kwambiri.

Madzulo a Frackson ankabwera kuchokera kumunda.

"Wasewera bwino, Thoko?" ankafunsa.

"Eee, ababa," ankayankha Thokozile.

Sizinali zoona. Ndipo bodzalo linkamuwawa mumtima.

Tsiku lina a Frackson anamutuma ku Nsaru kukagula mchere. Thokozile anayenda pang'onopang'ono. Diresi inkasesa msewu kumbuyo kwake.

Pakhonde la golosale panali telala. Dzina lawo linali Mayi Zuwena. Anali ndi makina osokera akuda. Anali ndi tepi yoyezera m'khosi. Anali mayi okonda nthabwala.

"Iwe mwana!" anaitana Mayi Zuwena. "Kodi wakulemba ganyu yosesa msewu ndani?"

Thokozile sanaseke. Misozi inatsika.

Mayi Zuwena anasiya makina. "Iii, pepa mwanawe. Ndimangocheza. Tabwera kuno. Dzina lako ndani?"

"Thokozile."

"Chavuta n'chiyani, Thokozile?"

Thokozile ananena zonse. Ananena za fulaye. Ananena za mtengo wa mango. Ananena za windo.

Mayi Zuwena anagwira diresi ija. Anaitembenuza m'munsi. Anaiyang'ana m'kati.

"Taona," anatero. "Muli nsalu ziwiri umu. Yakunja ndi ya maluwa. Yam'kati ndi ya buluu yekhayekha. Iyi si diresi imodzi. Muli masiketi awiri. Mulinso bulauzi."

Thokozile anatong'ola maso. "Zoona, mayi?"

"Zoona. Koma tiyenera kuidula."

"Duleni pompano!"

Mayi Zuwena anapukusa mutu. "Ayi. Anagula ndi bambo ako, eti? Kawauze kaye. Akalola, mubwere nonse."

Thokozile anabwerera kwawo ndi mchere. Kudula diresi ya ababa? Anachita mantha.

Madzulo a Frackson anakhala pakhonde. Ankasenda mtedza. Thokozile anakhala pafupi. Anasenda umodzi. Anasenda wina.

"Ababa," anatero motsitsa.

"Ee, mwana wanga."

"Mayi Zuwena, atelala aja, akuti angathe kudula diresiyi."

Manja a bambo ake anaima.

"Kudula? Diresi yatsopanoyi? Thoko, ndinakuuza. Udzakula nayo."

"Ababa, kukula n'kutali," anatero Thokozile. "Ine ndikufuna kusewera lero."

"Kodi sukusewera?"

"Ayi. Ndimakunamizani. Palibe amene amandifuna pa timu yake. Ndimangokhala ndekha."

A Frackson anayang'anitsitsa diresi ija. Thokozile anaganiza kuti akwiya.

"Taimirira," anatero a Frackson. "Tathamanga mpaka pa nkhokwe apo. Ndione."

Thokozile anathamanga. Anaponda diresi. Anadzandira. Anaipondanso. Anagwada m'fumbi.

A Frackson anaika lichero pansi. Anapita kukamudzutsa. Anamusasa fumbi m'mawondo.

"Pepa, mwana wanga," anatero. "Ine ndimangoganiza za chaka chamawa. Sindinakuone bwinobwino."

M'mawa a Frackson anatsegula sutikesi yawo. Anatulutsa malaya oyera. Anali malaya akale a kutchalitchi. Kolala yake inali itatha.

"Awanso tiwatenge," anatero. "Mwina atelala aonamo kanthu."

Thokozile anavala yunifolomu. Anapinda diresi bwinobwino. Anakwera pa kaliyala ya njinga. Ulendo wa ku Nsaru!

"Mwafika, bambo a Thokozile," anatero Mayi Zuwena. "Kodi diresiyi munkagulira mudzi wonse?"

A Frackson anaseka mwamanyazi. "Ndinkati akule nayo, mayi. Nanga mukaidula, iye n'kukula, titani?"

"Musadandaule. Ndipinda mpendero waukulu m'munsimu. Akatalika, tidzamasula. Siketi idzatalika naye."

"Zimathekanso zimenezo?"

"Zimatheka kwabasi."

Mayi Zuwena anayeza Thokozile. Anayeza chiuno. Anayeza mapewa. Anayeza mpaka m'mawondo. Kenako anatenga sizasi.

A Frackson anatsinzina. Munthu wamkulu, wandevu zake, kutsinzina chifukwa cha sizasi! Thokozile anawagwira dzanja.

Cheke. Cheke. Cheke. Diresi inaduka.

Mayi Zuwena anatenga tinsalu tiwiri totsala. Kena kanali ka maluwa. Kena kanali ka buluu. Anamupatsa Thokozile.

"Ine ndizisoka," anatero. "Inu pitani pa kaunjika apo. Mukasankhe tisheti imodzi. Koma tamvera, Thokozile. Tisheti iliyonse uziyike pafupi ndi tinsalu iti. Igwirizane ndi tonse tiwiri. Ikakangana ndi kamodzi, isiye."

Pa kaunjika panali mulu waukulu wa zovala. Thokozile anaona tisheti yofiira. Inali yonyezimira. Anaikonda pomwepo.

Anaiyika pafupi ndi ka buluu. Anaiyika pafupi ndi ka maluwa.

"Zikukangana," anatero mokhumudwa. Anaisiya.

Anatola ina ya mizeremizere. Ndi ka buluu inagwirizana. Ndi ka maluwa inakangana. Anaisiyanso.

A Frackson nawo anali kufufuza. Anatulutsa tisheti yaikulu ngati thumba la chimanga.

"Nanga iyi?" anafunsa.

"Ababa!" anatero Thokozile.

"Chabwino, chabwino." A Frackson anaibweza msangamsanga.

Pansi penipeni panali tisheti yachikasu. Sinali yonyezimira. Inali yawamba chabe. Thokozile anaiyika pafupi ndi ka buluu. Zinagwirizana. Anaiyika pafupi ndi ka maluwa. Zinagwirizananso. Anaiyeza pachifuwa. Inali saizi yake yeniyeni.

Patapita masiku awiri, Mayi Zuwena anamaliza kusoka. Thokozile anayala zovala zake pa mphasa. Anaziwerenga.

Siketi ya maluwa. Siketi ya buluu. Bulauzi ya maluwa. Bulauzi yoyera, yochokera ku malaya a bambo ake. Tisheti yachikasu.

Zinali zisanu zokha. Koma zonse zinkagwirizana.

Anayesa siketi ya buluu ndi bulauzi yoyera. Zinakhala bwino. Anayesa siketi ya buluu ndi tisheti yachikasu. Zinakhala bwino. Anayesa siketi ya maluwa ndi bulauzi ya maluwa. Inaoneka ngati diresi ija, koma yomukwana.

"Lolemba izi," anatero Thokozile. "Lachiwiri izi. Lachitatu ndichapa izi, ndivala izo."

Loweruka masana Thokozile anavala siketi ya buluu. Anavala tisheti yachikasu. Anapita ku bwalo. Anali ndi mantha pang'ono. Nanga akamukananso?

Atsikana ankagawana matimu.

"Ife takwana," anatero Queen.

Jenipher anayang'ana Thokozile. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chidiresi chija chili kuti?" anafunsa.

"Ndi ichi," anatero Thokozile, akuloza siketi yake.

Jenipher anakanda m'mutu. "Bwera," anatero. "Koma usagwe."

Masewera anayamba. Timu ya Queen inkaponya mwamphamvu. Phwa! Wina anatuluka. Phwa! Winanso anatuluka. Phwa! Jenipher nayenso anatuluka. Anatsala Thokozile yekha. Botolo linali lisanafike ndi pakati pomwe.

Thokozile anaima pakati. Manja ake onse awiri anali omasuka.

Mpira unabwera. Thokozile anazinda. Siketi inazinda naye. Anathira mchenga.

Mpira unabweranso. Thokozile anadumpha. Anathira mchenga.

"Zinda, Thoko! Zinda!" anakuwa Jenipher.

"Zinda, Thoko!" anakuwa atsikana ena.

"Zinda, mwana wanga!" anakuwa mawu aakulu.

Thokozile anacheuka. Anali bambo ake. Anaima m'mbali mwa bwalo, khasu lili paphewa.

Queen anaponya mpira wotsika. Thokozile anauona. Anadumpha m'mwamba. Mpira unadutsa pansi pa mapazi ake. Anatapa mchenga ndi manja awiri. Anathira. Anathiranso.

"Ladzaza!" anakuwa Thokozile. "Botolo ladzaza!"

Atsikana anathamangira pakati. Anamukumbatira. Onse anagwera pamodzi mumchenga. Thokozile anaseka. Anaseka mpaka m'mimba kuwawa.

"Mawa uli kwathu, eti?" anafunsa Jenipher.

"Ayi, mawa ali kwathu!" anatero Queen.

Dzuwa linali litapendeka. Thokozile ndi bambo ake anayamba kubwerera kwawo. Siketi inali mbuu ndi fumbi. Tisheti inali mbuu ndi fumbi.

"Ndazidetsa, ababa," anatero Thokozile.

"Uzidetse ndithu," anayankha a Frackson. "Uli nazo zina."

Anayenda pang'ono. Kenako a Frackson anaima. Anapukuta m'maso ndi dzanja.

"Ababa, mukulira?"

"Pang'ono," anatero a Frackson. "Ndinali nditaiwala mmene umasekera, Thoko."

Thokozile anawagwira dzanja. Analigwira zolimba.

"Mawa mubwerenso," anatero. "Mudzandimvenso."

"Ndibwera," anatero bambo ake.

Ndipo anamunyamula n'kumukhazika paphewa, fumbi lake ndi lonse.